Kalata yochokera ku Berlin: za mulungu wa supageti

Mnzanga wapamtima,

Kalata yako ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti mvula yayamba bwino komanso kuti alamu achira. Kuno kukuzizira koopsa, dzuwa likumalowa 4 koloko isanakwane.

Wafunsa ngati chithunzi chimene mwana wako anakuonetsa pafoni, cha mzungu wovala sefa kumutu pa laisensi yoyendetsera galimoto, ndi chenicheni. Ndi chenicheni, aise. Ngati ndi chotchuka chija, mwini wake ndi Niko Alm wa ku Austria, amene anapatsidwa laisensiyo mu 2011 atadikira zaka zitatu. Iye ankati sefa yokhetsera madzi a supageti ndi chovala cha chipembedzo chake. Apolisi anati za chipembedzozo sizinawakhudze, anangomulola chifukwa nkhope inkaoneka bwino.

Anthu amenewa amadzitcha a Pastafarian, ndipo mulungu wawo ndi Flying Spaghetti Monster, chilombo chouluka chopangidwa ndi supageti, timipira tiwiri ta nyama ndi maso awiri otuluka pamwamba. Usaseke kaye. Zinayamba mu 2005 ku America, pamene akuluakulu oona za maphunziro m'chigawo cha Kansas ankafuna kuti m'kalasi ya sayansi ana aziphunziranso zoti zamoyo zinachita kukonzedwa ndi winawake wanzeru. Mnyamata wina wa zaka 24, Bobby Henderson, amene anaphunzira fizikisi ku Oregon State University, anawalembera kalata. Anati ngati zili choncho, nayenso ali ndi mlengi wake, wa supageti, ndipo apatsidwe nthawi yofanana m'kalasi. Anaikamo ndi chojambula chosonyeza kuti dziko likutentha chifukwa achifwamba a panyanja achepa. Apa ankaseka anthu amene akaona zinthu ziwiri zikuchitikira limodzi amathamangira kunena kuti china chabereka chinzake.

Koma chimene chimandisangalatsa ine si mbiriyi ayi, ndi mmene otsatira a mulungu wa supagetiyu amamusakira. Munthu akapeza mawaya a kompyuta atapiringizana kuseri kwa tebulo amajambula, n'kulengeza kuti mulungu wamuonekera. Mizu ya mtengo yoyanga pamwala, mtambo wa mizeremizere, ming'alu ya pakhoma, zingwe zosokonekera m'boti la asodzi, zonsezi kwa iwo ndi masomphenya, ndipo amazilengeza ndi nkhope ya munthu amene waonadi chozizwitsa. Ena sadikira kuti awaonekere. Amamuluka ndi ulusi, amamuumba pakeke, amamuika pansonga pa mtengo wa Khirisimasi. Pamagalimoto ena pali kachizindikiro kofanana ndi kansomba kamene Akhristu amamata kumbuyo kwa galimoto, koma iko kali ndi timiyendo ta supageti.

Mu 2015 anapeza mwayi waukulu. Ogwira ntchito pakampani ya mafuta ya BP, akuyendetsa makina ojambula pansi pa nyanja kufupi ndi Angola, mamita oposa 1,000 kuya kwake, anajambula chamoyo choyera cha zingwezingwe chikuyandama mumdima. Iwo omwe anachitcha dzina la mulungu wa supageti uja. Asayansi anati ndi Bathyphysa conifera, ndipo si nyama imodzi koma tizamoyo tambirimbiri tolumikizana, kalikonse ndi ntchito yake. A Pastafarian sanatsutse. Anangoti umboni ndi umenewo.

Amene akusekedwa pamenepa ukuwadziwa. Mu 2004 mayi wina wa ku Florida anagulitsa pa eBay, msika wa pa intaneti, buledi wootcha ndi tchizi pamtengo wa madola 28,000, chifukwa ankati pakuoneka nkhope ya Mariya Virigo. Diso la munthu limafuna nkhope paliponse, madontho awiri ndi kamzere zakwana. Ukaliuza choti lifune, limachipeza. Chiyambireni kumva za anthuwa, inenso ndikaona mawaya a magetsi atakolana ndimangoona timaso tiwiri tikundisuzumira, ndine munthu wopita kutchalitchi Lamulungu lililonse.

Kumpoto kwa Berlin kuli tauni yaing'ono yotchedwa Templin. Kuno polowa m'tauni pamakhala zikwangwani zolemba nthawi za mapemphero a mipingo. Mu 2014 a Pastafarian a kumeneko anapachikapo chawo, cholengeza misa ya supageti Lachisanu lililonse 10 koloko m'mawa. Nkhani inafika kukhoti ndipo anagonja, koma misa ankachitabe, atavala ngati achifwamba a panyanja, mowa uli pambali, pakuti kumwamba kwawo amati kuli phiri lophulika mowa. Ku New Zealand zinawayendera bwino. Boma linawalola kumangitsa maukwati mu 2015, ndipo ukwati woyamba unachitika mu 2016 ku Akaroa, m'chombo. Ku Netherlands khoti lalikulu linagamula mu 2018 kuti zimenezi ndi nthabwala, si chipembedzo, ndipo mtsikana amene ankafuna chithunzi cha sefa anakanizidwa.

Pamenepa ndi pamene ndimasiyana nawo pang'ono. Kalata ya ku Kansas ija inali ndi mfundo, yoti za chikhulupiriro zisalowe m'kalasi ya sayansi pongosintha dzina, ndipo ine ndi Baibulo langa ndikuvomereza. Zojambula mizu ndi mitambo nazo sizilakwira munthu. Koma ukafika potaya ndalama kwa maloya kuti woweruza anene kuti umakhulupiriradi supageti, pamene aliyense m'khotimo akudziwa kuti sukhulupirira, nthabwala yatha kukoma. Palinso ena amene sefayo amaivala pongofuna kunyoza mayi wovala hijabu kapena bambo wa chipembedzo cha Asikhi wovala nduwira, anthu amene sanawapute n'komwe.

Mwanayo umuuze kuti asayese kupita ndi sefa ya amayi ake kokajambulitsa chiphaso. Abusa athu usawaonetse kalatayi, angandichotse pa mndandanda wa omanga tchalitchi. Ukapeza wobwera kuno mwezi wamawa unditumizireko usipa ndi ufa woyera pang'ono, supageti wanditopetsa. Moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzako,
wa ku Berlin