Kalata kwa Tadala ku Leeds: za buku lija ndi makalata a agogo

Zomba,
Lamlungu madzulo

Wokondedwa Tadala,

Ndikhulupirira uli bwino ndipo chisanu cha kumeneko sichikukulowa m'mafupa. Kuno mvula yagwa sabata yonse, phiri labiriwira mpaka pamwamba. Amayi ako ndinakumana nawo kutchalitchi, akuti ukamawaimbira uzikweza mawu chifukwa khutu lamanzere lija layambanso kuvuta.

Buku lija la nkhani ya zibwenzi za pafoni unanditumizira kudzera mwa alamu ako ladutsa m'manja mwa anthu 6, chikuto chake chinachita kuthothoka ndipo ndamata ndi selotepi. Dzulo tinakumana kwa aNachisale ku Matawale, monga timachitira Loweruka lomaliza la mwezi. Tinaphika tiyi ndi mbatata, koma mkangano wake unatifikitsa mdima. Wandifunsa kawiri pa WhatsApp kuti ndaliona bwanji, ine n'kumangoti ndikulembera. Zimene ndili nazo sizikanakwana pafoni.

Kuseka tinaseka ndithu. Paja pamene mtsikana wa ku London uja akudikira mwamuna amene pachithunzi anali ndi tsitsi lodzaza mutu, n'kungoona dazi likulowa pakhomo la lesitilanti, aNachisale anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Anati akuluakulu ananena kale, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndi uja wowerengetsera bilu mpaka ndalama ya madzi akumwa, aliyense wa ife anati akumudziwa wina wotero.

Thoko, wamng'ono pa tonse, ndiye anali mphunzitsi wathu pa zamafonizo. Anatulutsa foni yake n'kutionetsa Tinder, kuti ukamukonda munthu umatsetsereza chala kumanja, ukapanda kumufuna kumanzere. Akuti inayamba ku America mu 2012, ndipo patapita zaka ziwiri, mu 2014, mayi wina amene ankagwira ntchito komweko, Whitney Wolfe Herd, anayambitsa yake yotchedwa Bumble, ndi lamulo lakuti mkazi ndiye ayambe kulemba. Apa aNachisale anagwira pakamwa. Mkazi kufunsira mwamuna? Thoko sanabwerere m'mbuyo. Anati iye watopa ndi kuimitsidwa pamsewu ndi amuna osawadziwa, bola pafoni amasankha yekha woyankhula naye ndipo akatopa naye amamutsekera. Anawonjeza kuti kuno ambiri sapita n'komwe ku Tinder, zibwenzi zimayambira mu inbox ya Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, kungoti anthu savomera. Palibe anamutsutsa pamenepo.

Pamene tinagawikana ndi pamene zaululika kuti mauthenga oyamba aja, omwe anamukopa mtsikanayo, sanalembe mwamuna amene anagwa naye m'chikondi koma mnzake wokhala naye nyumba imodzi. Atatu anati chimenecho ndi chinyengo, mtsikanayo akanangomusiya ndipo wolemba bukulo anamukhululukira mwamunayo msanga kuti nkhani ithe ndi ukwati. Thoko anati palibe munthu amene sanaonetsepo mnzake uthenga asanautumize. Mayi Gondwe, aja ophunzitsa Chifalansa kusekondale, anati nkhaniyi ndi yakale kuposa foni: mu 1897 Edmond Rostand analemba sewero la Cyrano de Bergerac, mwamuna wamphuno yaikulu wolembera mnzake wokongola makalata opita kwa mkazi amene iye mwini ankamukonda.

Ine ndinakhala chete nthawi yaitali, maganizo anga anali kwa agogo anga aakazi. Ukukumbukira chitini cha mabisiketi chija chinkakhala pansi pa bedi lawo ku Thondwe, chimene ankatiletsa kugwira? Atamwalira tinachitsegula. Munali makalata ochokera ku Joni, mapepala ofiira ndi ukalamba, opindidwa kanayi, ena atadyeka m'mbali ndi njenjete. Agogo aamuna anapita ku migodi ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, atangokwatira, ndipo anabwerera ulendo womaliza ndege ija yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown, ku Botswana, mu 1974, pamene Kamuzu analetsa kulemba anthu opita kumigodi. Onse awiri sankadziwa kulemba kapena kuwerenga. Kumeneko agogo aamuna ankauza mnzawo wina wa pakomboni amene anafika Sitandade 4, iye n'kumalemba. Kuno agogo aakazi ankaitana mwana wasukulu, n'kukhala naye pamphasa kuseri kwa nkhokwe kuti apongozi asamve.

Ndinawafunsa tsiku lina, ndili Fomu 2, ngati sizinkawapweteka kuti mawu achikondi ankadutsa m'kamwa mwa anthu ena awiri asanawafike. Anandiyankha kuti iwo ankadziwa pamene wolembayo walekezera ndi pamene amuna awo ayambira. Zonse za "duwa la mtima wanga" zinali za mlembi, chifukwa amuna awo sanayankhulepo chotero chibadwire. Koma pakafika pakuti kodi denga la khitchini munafolera, kodi mbuzi yamawanga ija inaswa, musamapite nokha kumtsinje madzi akadzaza, apo ankamuuza mwanayo kuti bwereza. Ndinawerenga ndekha makalatawo ndipo ndi momwemodi. Mzere wa denga la khitchini uli m'makalata atatu otsatizana.

Ndiye nditatsegula pakamwa ndinawauza anzanga kuti kulembetsa kalata sindikuona ngati tchimo lalikulu. Chimene chinandikhumudwitsa m'bukumo n'china. Mwamuna uja alibe kwawo. Masamba oposa 300, tikudziwa khofi amene amakonda, nyimbo zake, galu wake, koma sitikumva za mayi ake, mlongo wake, kapena munthu mmodzi amene anamuona akukula. Mtsikanayo akumufufuza pa Instagram usiku wonse, koma sakumufunsa ngakhale kamodzi kuti kwanu n'kuti, ndipo ndani angandiuze za iwe kupatula iwe mwini. Mayi Gondwe anati ndikuweruza buku la ku London ndi muyeso wa ku Thondwe, kuti kumeneko anthu amakhala okha ndipo wolembayo wangojambula zimene zilipo. Mwina akunena zoona, iwe ndiye ukudziwa. Koma ine ndikuti ngakhale ku London munthu anabadwa kwa winawake.

Agogo ankakhulupirira makalata aja chifukwa asanayambe kubwera, ankhoswe anali atakhala kale pansi, tambala ndi msoti zinali zitasinthanitsidwa, ndipo midzi iwiri inkadziwana. Chaka china ndalama zitasiya kubwera kwa miyezi yambiri, agogo sanalire okha. Nkhoswe ya kuchimuna inatuma mawu kudzera mwa munthu wina wopita kumgodi womwewo, ndipo yankho linabwera kuti agogo aamuna anavulala mwendo, ali m'chipatala. Panali wofunsa, panalinso wofunsidwa.

Tadala, ndikudziwa chifukwa chimene unanditumizira buku limeneli osati lina. Unandiuza za bambo wa ku Manchester uja mwachidule, ngati nkhani yongodutsa, koma ndinamva mmene mawu ako anasinthira. Sindikukudzudzula ngakhale pang'ono. Ukugwira ntchito usiku, ukaweruka anzako ali mtulo, mu December dzuwa likulowa 4 koloko isanakwane, ndipo kutchalitchi kwanu wandiuza wekha kuti amuna onse ndi apabanja. Ukanakumana naye kuti munthu ngati si pafoni? Ndinasangalala kumva kuti mwaonana kale maso ndi maso katatu, ndiponso kuti sanakupemphepo ndalama. Zimenezo ndikuzitchula chifukwa mnzanga wina wa kuntchito anatumiza malipiro ake a mwezi wonse kwa munthu amene sanamuonepo, atauzidwa kuti katundu wa mphatso wagwidwa pabwalo la ndege. Mpaka lero nambala ija siyankha, ndipo iye manyazi amuletsa kuuza ngakhale achemwali ake.

Pempho langa ndi laling'ono. Miyezi 4 yakwana, umudziwe munthu mmodzi wa kwawo. Kaya ndi mlongo wake, kaya mnzake wa ubwana, ukhale naye pansi mudye limodzi, umve mmene amamutchulira akaiwala kuti pali mlendo. Iyenso umuonetse achimwene ako a ku Area 25 pa video, ngakhale kwa mphindi 10, asakuone ngati munthu wogwa kumwamba. Akakhala wofuna zenizeni sadzaona chovuta. Ndipo m'mauthenga ake onse amene wasunga, undiuze ngati ulimo wofanana ndi wa denga la khitchini uja, wofunsa ngati wadya utaweruka, ngati chifuwa chija chinatha. Ndikufuna ndiumve umenewo.

Bukuli tsopano lili kwa mwana wa aNachisale amene ali ku yunivesite kuno ku Zomba, akuti anzake a m'chipinda ali kale pamzere. Mwezi wamawa ndi nthawi ya Mayi Gondwe kusankha chowerenga. Thoko akuti ndikupatse moni ndipo ndikuuze kuti iye ali kumbali yako. Alamu ako akamabwerera pa 20 ndiwapatsira ufa, utaka wouma ndi chambiko, ndiye undiuze msanga ngati ukufunanso thobwa la ufa lija.

Ndine mnzako wa kalekale,
Chisomo