Buku lija ndikulisindikiza ndekha

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko pamodzi ndi ana. Kuno ku Mangochi kwatentha zedi, madzulo tikumakhala pakhonde mpaka udzudzu utatithamangitsa.

Buku lija latha, ndipo ndaganiza zolisindikiza ndekha. Makampani osindikiza mabuku maso awo ali pa mabuku a pasilabasi, poti ndi amene amayenda malonda. Sindikuwada, nawonso akufuna kudya. Koma nkhani ya mayi wa m'mbali mwa nyanja ya Malombe, amene mwamuna wake anapita ku Joni n'kusiya kuimba foni, ingakhale pa tebulo la munthu mpaka liti?

Ine mphamvu zodikirira ndilibe. Shuga uja wayamba kundigwira maso. Ndikamaliza kuchonga makope a ana madzulo, zilembo zimaoneka ziwiriziwiri, mapazi ali dzanzi. Metformin ndikumwa osadumphitsa, nsima ndachepetsa, tiyi wosatsira ndazolowera, usade nkhawa. Kungoti nthawi yolemba yatsala ya m'bandakucha basi, kumzikiti akamaitanira mapemphero, maso atapumako, kunja kukadali kozizira. Ndimalemba m'kope, Loweruka mwana wa achemwali amadzataipa pa kompyuta. Akamaliza amawerenga mokweza ine nditagona pamphasa, ndipo pamene mawu akupunthwa ndimamva ndi khutu. Zokambirana za amayi ogula usipa padoko, Chichewa chawo chosakaniza ndi Chiyao chija, ndazikonza choncho, ndipo m'buku lonse ndi zimene zikundisangalatsa kwambiri.

Chovuta ndi ndalama. Mapepala amachokera kunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yosindikizira sinatsikenso. Ndakongola ku banki m'khonde yathu ya aphunzitsi. Wosindikiza wandilongosolera kuti mabuku akachuluka, mtengo wa limodzi umatsika. Ndamumva, komabe ndiyamba ndi ochepa. Sindikufuna makatoni odzaza kuchipinda, chiswe chikudya, ine ndikubweza ngongole ndi malipiro omwewa amene ndimagulira mankhwala. Akatha ndidzasindikiza ena.

Nambala ya ISBN, yozindikiritsa buku, imatengedwa ku National Archives ku Zomba, ndipo lamulo limafuna kuti buku likatuluka, limodzi likasungidwe kumeneko. Zimenezi zinandikhudza mtima, kuganiza kuti mayi wa m'buku langa, wa ku Malombe uja, adzakhala m'nkhokwe ya dziko lonse. Ndikufunanso kukalembetsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za olemba ndi aluso ena, chifukwa masiku ano buku limatha kuyenda pa WhatsApp mwini wake osaona ngakhale tambala. N'chifukwa chake pofunsa maganizo a anthu ndikumawapatsa mitu yochepa chabe. Pachikuto padzakhala chithunzi cha bwato pa Shire, chojambulidwa m'mawa kumunsi kwa mlatho wa Bakili Muluzi.

Tsono iwe ndikukufuna pa ichi. Mitu imene mwamuna uja ali pa ulendo ndiponso ku Johannesburg ndalemba kuchokera pa zimene ndimamva kwa anyamata obwerera. Njira ndikuidziwa: Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge. Koma iwe unayenda, unagona pachipata. Undiuze ngati munthu wopanda mapepala amalankhula monga ndamulankhulitsira, ngati chipinda chogona anthu ambiri ndachilemba moona, ndiponso chimene chimamulepheretsa munthu kuimba kumudzi. Sindikufuna kumusandutsa chilombo. Makolo a ana ambiri m'kalasi mwanga ali kumeneko, ndipo anawo adzaliwerenga bukuli. Usandinyengerere, paliponse pamene pali bodza uikepo chizindikiro.

Likatuluka ndidzapatsira transipota mabuku angapo kuti uwaonetse anthu akwathu kumeneko. Ukapeza wobwera kuno mwezi uno, unditumizireko timapepala toyezera shuga ta makina anga aja, tatsala pang'ono kutha. Mitu ija ndikutumiza Loweruka mwana akamaliza kutaipa.

Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa ku Mangochi.