Mpweya wa m'mimba ukundisowetsa tulo ndipo amuna anga ayamba kundikayikira

Okondedwa Alangizi,

Ndine mayi wa zaka 24, ndimakhala ku Ulongwe m'boma la Angónia, ndipo ndinalowa m'banja mwezi wa Epulo chaka chino. Nkhani imene ndikukulemberaniyi ndalephera kuwauza mayi anga ngakhalenso ankhoswe chifukwa cha manyazi, koma yafika poti ikhoza kusokoneza banja langa limene langoyamba kumene.

Vuto langa ndi mpweya wa m'mimba. Pakangopita maola awiri kapena atatu chidyereni nsima yamadzulo, mimba yanga imafufuma n'kuyamba kulira, ndipo ndimafuna kuwononga mpweya pafupipafupi. Pamene ndinali kwa makolo anga ku Domue sizinkandidetsa nkhawa, popeza ndinkagona ndi achemwali anga amene ndinakula nawo. Tsopano ndimagona pabedi limodzi ndi amuna anga, ndipo kuno kumazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi moti timafunda mabulangete awiri okhuthala mpaka kumutu. Mpweya ukatuluka m'kati mwa zofunda zotere, fungo lake limachedwa kutha, ndipo palibe wina womuganizira poti m'chipindamo tili awiri okha.

Anankungwi anandilangiza zambiri za ukhondo ndi ulemu wa m'nyumba, ndipo mawu amene anandikhala mumtima ndi akuti mkazi asamadzitayirire pamaso pa mwamuna wake. Koma za vuto ili palibe anatchulapo. Choncho ndimangodzilimbitsa, ndili gone chagada, mpaka ululu umafika pansi pa nthiti. Ndikamva kuti amuna anga ayamba kuliza mkonono, ndimasolola miyendo pang'onopang'ono, n'kufunda chitenje, n'kupita kuchimbudzi chimene chili kuseri kwa nyumba ndikuunikira njira ndi tochi ya pafoni. Usiku wina ndimatuluka katatu kapena kanayi, ndipo pobwera mapazi amakhala atazizira ngati mwala.

Apa ndiye pagona nkhawa yanga yaikulu. Chitseko chathu chimalira potsegula, ndipo sabata yatha amuna anga anandifunsa kuti, "Kodi inu usiku mumapita kuti ndi foni m'manja?" Ndinayankha kuti ndimakataya madzi, koma iwo anangondiyang'ana osanena kanthu. Iwowa amachita geni ya mbatatesi, ndipo akapita kukagulitsa mumzinda wa Tete amagona komweko masiku awiri. Atabwera ulendo wathawu ndinawapeza akuyang'ana mauthenga a m'foni yanga, chinthu chimene sanachitepo chiyambire chibwenzi chathu. Zikundipweteka kwambiri kuti munthu amene ndikuvutikira kumupatsa ulemu akuganiza kuti ndili ndi chibwenzi chamseri.

Ndinayesa kufunsa mnzanga wina amene ndi namwino, ngakhale ndinanena ngati nkhaniyo ndi ya munthu wina. Iye anandiuza kuti munthu wabwinobwino amatulutsa mpweya maulendo oposa 10 patsiku, ndiponso kuti nyemba zili ndi mtundu wina wa shuga umene sugayika m'matumbo aang'ono, ndiye ukafika m'matumbo aakulu tizilombo ta mmenemo timausasitsa n'kupanga mpweya. Anati kabichi ndi mazira zimawonjezera fungo, komanso kuti munthu akagona tulo minofu imamasuka, moti mpweya umene wausunga umatuluka iye osadziwa. Mawu omalizawa anandiopsa kwambiri, chifukwa ndiye kuti mwina amuna anga anamva kale kambirimbiri koma akungondisungira ulemu.

Kusiya nyemba n'kovuta kwa ife. Timalima tokha, ndipo pamodzi ndi kabichi ndi soya ndizo ndiwo zathu za masiku onse, pomwe kapenta wa ku Cahora Bassa kapena nyama timagula mwa apo ndi apo ndalama zikapezeka. Ndinayamba kuviika nyemba m'madzi usiku wonse n'kutaya madziwo ndisanaphike, ndinasiyanso zakumwa za m'mabotolo, ndipo zinandithandiza pang'ono. Koma apongozi anga ataona ndikutaya madziwo anadandaula kuti ndikutaya kukoma kwa ndiwo, ndipo ndinalephera kuwafotokozera chifukwa chake. Kudya msanga sindingathe, popeza amuna anga amafika kunyumba cha m'ma 8 koloko usiku ndipo safuna kudya okha.

Chonde ndithandizeni, Alangizi. Kodi ilipo njira yogonera kapena yokonzera zofunda imene ingandithandize kutulutsa mpweyawu mosamveka, popanda kutuluka panja pozizira? Kodi kusunga mpweya usiku ndi usiku monga ndikuchitiramu kungandivulaze m'mimba, ndipo ndi zizindikiro ziti zimene ndikaziona ndiyenera kuthamangira kuchipatala? Koma chimene ndikufunitsitsa kwambiri ndi mawu oyambira nawo nkhaniyi kwa amuna anga. Ndikudziwa kuti ndiyenera kuwauza zoona asanapite kwa ankhoswe ndi maganizo olakwika, koma ndikatsegula pakamwa mawu amandithawa. Mundilembere mmene mkazi angayankhulire zimenezi mwaulemu, ndiponso nthawi yabwino yoziyankhulira, kaya ndi masana tili awiri kapena usiku tikamagona. Lachisanu likudzali amuna anga apitanso ku Tete, ndipo sindikufuna kuti anyamuke ali ndi chikayiko chimenechi mumtima.

Ine wanu wovutika mumtima,
Mayi wa ku Ulongwe, Angónia