Kuthokoza chifukwa cha chithandizo cha galu wathu

Kwa Mkulu wa Chipatala cha Ziweto,

Bwana, ndalemba kalatayi pofuna kuthokoza chifukwa cha chithandizo chimene galu wathu analandira pa chipatala chanu, diso lake lakumanzere litafiira, likutuluka misozi, iye akulitsinzina kosalekeza. Ndisanafike kwa inu ndinali nditapita kwina, kumene anangomuyang'anira patali n'kundipatsa kabotolo ka mankhwala osandiuza n'komwe chomwe chikumuvuta, ndipo kwinanso ankangondiuza kuti ndibwere mawa adokotala achokapo. Ndinalowa pakhomo panu ndikuyembekezera zomwezo.

Amene anandidabwitsa ndi mayi amene amathandizira adokotala. Asanayambe chilichonse anamuvula galuyo lamba wa m'khosi, nandifotokozera kuti kufinya khosi kapena kukoka zikope mwamphamvu kumakweza presha ya madzi a m'diso, moti kachipangizo koyezera preshayo kakhoza kusonyeza matenda a glaucoma, omwe ndi kukwera kwambiri kwa presha ya m'diso, pamene palibe. Kenaka anakhala pansi pasimenti pambali pake, akumusisita kuseri kwa makutu mpaka anasiya kunjenjemera, osasamala za yunifolomu yawo.

Nditafunsa chifukwa chomudonthezera mankhwala ochititsa dzanzi, sanandione ngati munthu wovuta. Anati kachipangizo kawo, Tono-Pen, kamakhudza pamwamba pa diso penipeni, choncho pamafunika dontho la proparacaine, mankhwala a dzanziwo, kuti galu asamve kuwawa n'kumafinya diso, pomwe kena kotchedwa TonoVet sikafuna dontholo. Anandiuzanso kuti nambala ya presha ikhoza kusiyana pang'ono malinga ndi kachipangizo komanso mankhwala amene agwiritsa ntchito, n'chifukwa chake amayeza maso onse awiri mofanana ndi kulemba njira imene atsata, kuti ulendo wotsatira adzayerekeze zinthu zofanana. Ngakhale misozi anayamba kuyeza dontholo lisanalowe, popeza dzanzi limaichepetsa. Kwa galu wathanzi presha imakhala pakati pa 10 ndi 25 mmHg (muyezo wa presha), koma diso lodwalalo linali litapitirira kwambiri, ndipo adokotala anayamba chithandizo tsiku lomwelo.

Nditapempha kabotolo ka dzanziko kuti ndizikamudonthezera kunyumba, mayiwo anakana mwaulemu, nanena kuti kudontheza mobwerezabwereza kumawononga diso ndi kuchedwetsa kupola kwa zilonda zake. Ena akanangondigulitsa n'kulandira ndalama.

Chonde muwafikitsire mayiwo kuthokoza kwa banja lathu lonse. Tidzabweranso naye galuyu pa tsiku limene munatipatsa kuti adzamuyezenso.

Ine wanu,
Mwini galu