Kwa Tadala, za buku langa lija

Tadala mwali wanga,

Uthenga wako ndinauona dzulo ndili pa naiti, koma foni mu wodi sitigwira chisawawa, asisita akakuona amalemba. Ukuti kumeneko ukuvala juzi? Iwe wobadwira ku Ngabu iwe, Joni yakupusitsa ndithu. Kuno Okutobala wafika ndi ukali wake, 10 koloko usiku khoma likumatenthabe ngati mbaula, tikumagona panja neti titamangirira ku mtengo wa nimu.

Wafunsa za Memory kuti akufuna unamwino. Umuuze alimbikire Biology, masamu, Chingerezi ndi Chemistry kapena Physics, pa MSCE amayang'ana makirediti amenewo. Koma umuuzenso kuti kulowa ndi kochepa, nkhani ili pokhalamo zaka 3 zonse za dipuloma. Ukangoyamba dzina lako limapita ku Nurses and Midwives Council, bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba, kuti akulembe ngati wophunzira, ndiye kuyambira pamenepo khalidwe lako limawerengedwa limodzi ndi mamalikisi. Kwathu kuno phunziro lililonse uyenera kufika 50, ukaperewera umalemba sapu, mayeso obwereza aja, sapu ikakukana ubwereza, zikapitirira amakuwida basi upakire. Chrissy uja anapita chaka choyamba chomwe chifukwa cha Anatomy, mtsikana woti odwala ankamukonda kuposa tonsefe, mpaka lero ndikadutsa pa bedi lake ku hositelo mtima umandiwawa. Kulinso OSCE, mayeso oonetsa ntchito ndi manja, umalowa m'chipinda mphunzitsi ali ndi pepala akungochonga, ukaiwala kusamba m'manja kapena kumulonjera wodwala ndi kumupempha chilolezo, malikisi apita ngakhale jakisoni ubaye bwino chotani. Masiku a ku wodi ukajomba, kaya unadwala malungo kaya maliro, umabweza onse anzako ali pa holide. Fizi ikatsala sulowa m'chipinda cha mayeso.

Koma Tadala zonsezi si zimene zikundisowetsa tulo. Ndi buku. Ukudziwa tili ndi buku limene chilichonse chimene wachita ku wodi, kuika kanula (kapaipi ka mu mtsempha kodutsira diripi), kutsuka bala, kuyeza amayi ku sikelo, kudzaza patogirafu (pepala lotsatira mmene leba ikuyendera), kuchiritsa mayi, namwino amene amakuyang'anira amasainamo. Popanda masiginecha amenewo koleji siingakutumize ku mayeso a Council, popanda mayeso a Council palibe laisensi, popanda laisensi palibe amene angakulembe ntchito. Ndiye Loweruka ndikuchokera kwa mayi ndinagula botolo la madzi oundana pa Nchalo ndikuponya m'chikwama momwe munali bukulo, minibasi inachedwa kudzadza, pofika kuno madzi asungunuka alowa m'masamba apakati. Masamba ake omwewo a amayi amene ndinawachiritsa. Masiginecha 9 asanduka mtambo wa buluu, tsiku silikuoneka, dzina silikuoneka.

Ana 9 amenewo ndikuwakumbuka mmodzimmodzi mwali. Wina anabadwa 3 koloko m'bandakucha magetsi atazima tikuunikira ndi tochi, mayi ake anachokera kutsidya kwa Shire pa bwato ndipo amalankhula Chisena chokhachokha, ndinayamika agogo pondiphunzitsa. Wina sanalire msanga, tinamupukuta, kumupopa mpweya ndi kachikwama kothandizira kupuma kaja mpaka anatulutsa mawu, manja anga ananjenjemera mpaka kucha. Lero papepala zikuoneka ngati sindinaliko. Asisita amene anasaina 6 mwa amenewo anawasamutsa, akuti ali ku Karonga, nambala yawo ikungolira. Esnath akuti ndisadandaule mu rejisitala ya ku leba dzina langa lilimo, aphunzitsi akhoza kutsimikiza kuchokera m'menemo, koma bwanji ngati usiku wina analemba dzina la asisita okha? Mphatso anandinong'oneza kuti ingodutsitsamo cholembera pamwamba, ndinamukalipira zedi. Kukopera siginecha ya munthu ndi mlandu wothamangitsidwa nawo, komanso ine sindikufuna kuyamba ntchito yogwira miyoyo ya anthu ndi bodza. Bukulo ndaliyanika, ndaliika pansi pa matilesi kuti liwongoke, usiku ndikumadzuka kukalisuzumira ndi tochi mwina zilembo zabwerera. Lolemba ndikaonana ndi aphunzitsi a uzamba, mawu oti ndikayambire ndayeseza kambirimbiri.

Ndikangoganiza mbuzi 4 zimene mayi anagulitsa pa msika wa Bangula chifukwa cha fizi yanga, ndi thonje la bambo la chaka chatha lonse, ndiye ndikawauze kuti ndibwereza chifukwa cha botolo la madzi? Chichokereni namondwe Freddy mu 2023 nyumba ija sanamalize kumanga, khitchini ikadali ya mapesi, onse akudikira ine.

Ndaiwala, Fanny anakwatiwa mwezi watha ndi mnyamata wa ku Illovo uja, ndipo amalume ako aang'ono anagonekedwa sabata yathunthu koma atuluka, akuyenda okha. Nsapato zoyera unandilonjeza zija zili kuti? Zanga zang'ambika chakuchala ndipo yunifolomu akumayendera m'mawa uliwonse, saizi 5 usaiwale, usandigulire zazitali ngati zako zovinira zija. Wotchi ya pachifuwa nayo yaima, kugunda kwa mtima kwa odwala ndikumawerengera ya pakhoma.

Memory umuuze kuti akadzalowa, buku lake azilikulunga mu jumbo ndipo tsamba lililonse likangosainidwa azilijambula pa foni tsiku lomwelo. Ndimafuna ndikuuzenso za alokeshoni yokaphunzira ntchito ku chipatala cha amisala cha Zomba Mental imene tikupita Januwale, akuti tikakhala kumeneko masabata angapo ndipo malo ogona tikadzi... batire yafika pa 2, magetsi sanabwerebe, ndilembanso akayaka

Ndine wako,
Chisomo