Mfuti ya mlenje isankhidwe poyang'ana nyama ndi malo osakirako

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi anzanga a muno mu Blantyre amene amasaka nyama motsatira malamulo, makamaka iwo amene amapita kukasaka m'mafamu a nyama zakutchire ku Limpopo m'dziko la South Africa kapena m'madera ololedwa kusakirako ku Luangwa m'dziko la Zambia. Ena mwa iwo ayamba kufuna mfuti yawoyawo, yolumikizidwa ndi mmisiri kuchokera ku zipangizo zimene asankha okha. Chilakolako chimenechi si choipa, koma chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti ambiri amathamangira kukongola kwa thabwa lotsamira paphewa ndi kukula kwa galasi loonera patali monga aonera pa YouTube, osayamba adzifunsa kuti nyama imene akukasaka ndi yotani ndiponso adzaiwombera ali patali bwanji.

Za malamulo sinditalikitsa. Kusunga mfuti, kuipanga kapena kuilowetsa m'dziko muno popanda chilolezo cha apolisi ndi mlandu, ndipo chiphaso cha mfuti sichipatsa munthu ufulu wopha nyama, chifukwa chilolezo chosakira chimachokera ku nthambi ya boma yoona za nkhalango ndi nyama zakutchire. Lamulo loteteza nyamazi litakonzedwanso mu 2017, chilango cha wopha nyama zotetezedwa kwambiri chinafika pa zaka 30 m'ndende. Amene sanakonze mapepala ake asawononge ndalama pa chipangizo chilichonse.

Chimene chiyenera kutsogolera zonse ndi mtundu wa chipolopolo, popeza zipangizo zina zonse zimasankhidwa motsatira icho. Mlenje wa gwape, mbawala ndi nswala akhoza kukhutira ndi .243 Winchester, imene chipolopolo chake chosakira kawirikawiri chimalemera magalamu pafupifupi 6 ndi theka ndipo sichikankha phewa mwamphamvu. Koma chipolopolo chomwecho chikalunjika paphewa la ngoma yaimuna kapena mphalapala, nthawi zina chimasweka chisanafike kumtima, nyama n'kuthawa ili ndi bala. Pa nyama zoterezi ine ndimaima nji pa .308 Winchester, imene inatuluka mu 1952, kapena .30-06 Springfield ya mu 1906, zimene zimaponya chipolopolo cha magalamu pafupifupi 12 ndipo zimapezeka mosavuta m'masitolo a zida zosakira kum'mwera kwa Africa kuno. Nkhani ya kupezeka kwa zipolopoloyi anthu amaipeputsa, komatu mfuti imene zipolopolo zake zimachita kuitanitsidwa kunja ndi kudikiridwa miyezi imangokhala m'kabati, mwini wake osaizolowera, ndipo tsiku losaka amaigwira ngati mlendo. Njati yokha ndi nkhani ina: mayiko angapo salola kuisaka ndi mfuti yochepera .375 H&H Magnum, imene kampani ya Holland & Holland ya ku London inatulutsa mu 1912, ndipo chipolopolo chake cha magalamu 19 chimatha kuboola chikopa, mnofu ndi fupa la nyama yaukaliyo.

Ndikulimbikira pa mfundoyi chifukwa nyama yovulazidwa imazunzika masiku ambiri isanafe, ndipo njati kapena nguluwe yokhala ndi bala imasanduka ngozi kwa mayi amene wapita kukatola nkhuni ndi kwa mwana wobusa ng'ombe, anthu amene sanatengeko mbali pa ulenjewo. Mlenje amene wasankha chipolopolo chochepa mphamvu pofuna kupulumutsa phewa lake waika anthu enawo pachiswe.

Chipangizo chimene chimalowetsa chipolopolo ndi kutulutsa chikhungwa chake, chimene alenje amachitcha action, chiyenera kukhala chodalirika m'fumbi. Kapangidwe ka Mauser 98, ka mu 1898, kakukondedwabe ndi alenje a mu Africa chifukwa chikhadabo chake chachitali chimagwira chipolopolo kuyambira pamene chachoka m'nkhokwe mpaka chitalowa mumpope, choncho munthu akatanganidwa ndi mantha pamaso pa nyama yolusa sichigwa kapena kupanikizika. Remington 700 ya mu 1962 ili ndi ubwino wina wakuti zipangizo zoyenderana nayo n'zambiri pamsika. Zonse ziwiri n'zabwino pa nswala ndi ngoma, koma pa njati ndingasankhe yoyambayo.

Mpope wa masentimita 56 mpaka 61 ndi wokwanira pa zipolopolo zimene ndatchulazi. Mpope wautali ndi wonenepa umathandiza wowombera chandamale atakhala pabenchi, koma mlenje amene akuyenda tsiku lonse m'tchire la tsanya dzuwa la Okutobala likuswa mtengo adzautopera, ndipo munthu wotopa manja ake amanjenjemera. Mizere yokhota ya m'kati mwa mpope, imene imazunguza chipolopolo kuti chiyende molunjika, iyeneranso kugwirizana ndi kulemera kwa chipolopolocho; pa .30-06 kawirikawiri mzere umazungulira kamodzi pa mainchesi 10 alionse.

Pa thabwa lotsamira paphewa ndi pamene nyengo ya kwathu kuno imalowererapo. Thabwa la walnut ndi lokongola zedi, koma limamwa chinyezi m'nyengo ya dzinja ndi m'masiku a chiperoni, likatero limafufuma pang'ono n'kuyamba kukhudza mpope. Ndinaonapo mfuti imene inkalunjika bwino mu Seputembala ikuponya zipolopolo pambali mu Febuluwale, ndipo titayesa kulowetsa kapepala pakati pa mpope ndi thabwa, kamene kale kankadutsa kuchokera kunsonga mpaka kutsinde, kanakakamira pakati. Wofuna thabwa aonetsetse kuti mmisiri walimata bwino m'kati ndi kunja momwe ndi kusiya mpata pansi pa mpope. Apo ayi asankhe lopangidwa ndi pulasitiki wolimba kapena la timatabwa tomatikizidwa, limene chinyezi sichilisuntha. Kutalika kwake kuyezedwe pa mkono wa mwini wake atavala malaya amene adzasakire.

Galasi loonera patali lisapose ntchito yake. M'tchire lathu nyama zambiri zimawomberedwa pa mtunda wosapitirira mamita 150, ndipo galasi la 3-9x40, lokulitsa chinthu katatu mpaka kasanu n'kanayi, ndi lokwanira. Lokulitsa kwambiri limachititsa kuti mbawala imene yatulukira pafupi isowe m'diso. Ndalama zimene zatsala zipite ku zomangira galasilo, chifukwa zomangira zotchipa zimamasuka galimoto ikamagwedezeka m'misewu ya fumbi, mlenje osadziwa.

Kulumikiza zonsezi ndi ntchito ya mmisiri wa mfuti wokhala ndi chilolezo, osati ya wowotcherera zitsulo. Mpata wa pakati pa chotsekera ndi chipinda cha chipolopolo umayezedwa ndi zida zapadera, ndipo ukalakwika ngakhale pang'ono chikhungwa chimang'ambika, moto n'kubwerera kumaso kwa wowombera. Ndi chifukwa chake ku Britain mfuti imayesedwa ndi chipolopolo champhamvu yoposa muyeso isanagulitsidwe, ntchito imene nyumba yoyesera mfuti ya ku Birmingham yakhala ikugwira kuyambira mu 1813. Mfuti za gogodela zimene zimasulidwa mobisa ndi paipi wamba sizidutsa muyeso uliwonse, zimaphulikira eni ake m'manja, ndipo pamodzi ndi misampha ya waya zinathandiza kupulula nyama za ku Majete mpaka bungwe la African Parks litayamba kubwezeretsamo nyama mu 2003.

Mfuti ikafika, mwini wake apite nayo kumalo ololedwa kuyesera, ailunjikitse pa mamita 100 ndi zipolopolo zomwezo zimene adzasakire, ndipo ayeserenso akafika kumalo osakira asanalowe m'tchire, popeza ulendo wautali wa pamsewu umatha kusuntha galasi. Ndikupemphanso apolisi ndi nthambi yoona za nyama zakutchire kuti azifalitsa m'Chichewa, kudzera m'nyuzipepala ngati yanuyi, ndondomeko yonse yopezera ziphaso ziwirizi, kuti munthu wofuna kutsata lamulo adziwe khomo loyambira kugogoda.

Wowerenga wanu,
Chilomoni, Blantyre