Anyamata a ku Chipata, siyani kuzula fyuzi ya ABS

Akonzi,

Ndipatseniko malo ndilankhule ndi anyamata a kuno ku Chipata amene ayamba kugula timagalimoto tapansipansi tochokera ku Japan, tija timabangula usiku mumsewu wa ku Mwami mpaka agalu onse kudzuka. Mwezi uno wokha atatu afika pagalaji panga ku Kapata ndi pempho limodzimodzi: "Amdala, tichotsereni ABS." ABS ndi makina aja oletsa magudumu kuima n'kumakhwekhwereza ukaponda buleki mwamphamvu. Ndikafunsa chimene yawalakwira amasolola foni, nkundionetsa azungu a pabwalo la mpikisano akudandaula kuti ABS inawakaniza mabuleki pakona. Onse atatu ndawabweza. Mmodzi anachita kunditcha wachikale, ndipo ndamva kuti anakachotsetsa kwina.

Zimene azunguwo akunena si bodza. Ndinaziona ndi maso angawa. Pa zaka makumi atatu zimene ndagwira sipana, zisanu ndi chimodzi ndinali ku Johannesburg, pagalaji ina imene inkakonza magalimoto a anthu opita kukathamanga ku Zwartkops ndi ku Kyalami pa masiku amene bwalo limatsegulidwa kwa aliyense. Tsiku lina tinaperekeza kasitomala wathu, mkulu wa imvi zake, mwini kagalimoto ka mipando iwiri. Anali atakaveka matayala ampikisano, aja osalala ofewa ngati phula la njuchi, akumbuyo okulirapo kuposa amene galimoto inabwera nawo, mashoko ataumitsa kuti gwa. Anazungulira kanayi bwinobwino. Kachisanu tinangoona fumbi kobo kumapeto kwa msewu wowongoka, galimoto italowa mumiyala ija amathira dala kunja kwa kona. Pobwera anali kunjenjemera milomo. Anati anaponda buleki ndi mphamvu zake zonse, chopondera chinauma ngati waponda mwala, koma galimoto inkangopita ngati yakwera pa therere.

Tinaikweza pajeke, tinachotsa magudumu onse anayi. Mapadi anali atsopano, mafuta a mabuleki osadontha paliponse, makina oyezera sanapeze cholakwa ngakhale chimodzi. Bwana wanga anangoseka nati, "ice mode." Ndilo dzina limene anthu a pabwalo anaupatsa mchitidwe umenewu, kutanthauza kuti kakompyuta ka mabuleki kaganiza kuti kali pa madzi oundana.

Kuti mumve bwino, ABS imagwira ntchito motere. Pagudumu lililonse pali kasensa koyang'anizana ndi mkombero wa mano, ndipo kamawerenga mmene gudumulo likuzungulirira. Kakompyuta kakaona kuti gudumu lina likufuna kuima galimoto ikadali paliwiro, kamatseka njira ya mafuta a mabuleki opita kugudumulo, nkumasulako, nkugwiranso, koposa kakhumi pasekondi imodzi. Ndiko kunjenjemera kumene mumamva kuphazi, kuja ena amathawa nako kuchotsa mwendo poganiza kuti china chathyoka. Cholinga chake chachikulu n'chakuti chiwongolero chizimvera. Tayala limene laima n'kumakhwekhwereza silimva chiwongolero, mungapotoze bwanji galimoto imangolunjika kumene inaloza. Nzeruyi inayambira pa ndege, ndipo ya mtundu umene tikuudziwa lero inatuluka mu 1978, pamene Bosch ndi Mercedes-Benz anaiika mu S-Class.

Tsono kakompyutako sikaona msewu. Kamangoganizira potengera zimene magudumu akukauza, ndipo amene anakaphunzitsa ankaganiza za matayala wamba, mashoko wamba, ndi misewu ya maiko kumene kumagwa chipale. Mkulu uja anasintha zonsezo. Pamalo pamene ankayambira kugwira buleki panali kabampu kosaoneka ndi maso. Mashoko ouma aja anachititsa gudumu kudumpha, ndipo iye anamenya chopondera mwadzidzidzi gudumulo lili m'malere. Gudumu lopanda kanthu pansi limaima nthawi yomweyo. Kakompyuta kanati apa mpoterera zedi, kanachepetsa mphamvu ya mabuleki, nkumaibweza pang'onopang'ono mwaulemu ngati mkamwini wolowa m'nyumba ya apongozi. Matayala osiyana msinkhu aja anawonjezera kukasokoneza. Zonsezi mwina zinatenga sekondi imodzi, koma pa liwiro la makilomita 180 pa ola galimoto imadya mamita 50 pasekondi, theka la bwalo la mpira.

Mankhwala ake sanali kuzula kanthu. Tinabwezera matayala a msinkhu woyenera, tinafewetsa mashoko, ndipo mwini wake anaphunzira kufinya buleki mofulumira koma mosamenya, komanso kuti zikachitika amasule phazi pang'ono ndi kupondanso. Anathamanga nayo zaka zina ziwiri ine ndikadali komweko, sizinabwerenso.

Anyamata anga amanditsutsa kuti a Formula One alibe ABS. Zoona, anailetsa kuyambira mu 1994, koma anailetsa chifukwa inkathandiza madalaivala mopitirira, ankafuna kuti luso la munthu lizioneka. Magalimoto a mpikisano wa GT3 ali nayo mpaka lero, yawoyawo yopangidwira bwalo, yokhala ndi kabatani kamene dalaivala amapotokola malinga ndi mvula kapena dzuwa. Amanditchuliranso Satwant Singh, katswiri wathu wa rally amene anatenga ukatswiri wa Africa kambirimbiri. Inde, magalimoto a rally sadalira ABS, chifukwa pafumbi dalaivala amafuna kuti matako a galimoto atererere dala pokhota. Koma galimoto ya rally imamangidwa mabuleki ake mwapadera, ili ndi zitsulo zotchinga mkati, dalaivala wavala chisoti, ndipo msewu amautseka. Kutsogolo kwake kulibe mwana wa sukulu, kulibe ngolo ya ng'ombe, kulibe wanjinga wonyamula mayi ndi thumba la makala.

Chimene chandikhalitsa pansi kuti ndilembe ndi mwana wa mlongo wanga. Amagwira ntchito ku Lusaka, ndipo chaka chatha anabwera ku Nc'wala ndi galimoto yofiira yoti aliyense pa Mtenguleni ankaicheukira. Madzulo ake anandiuza monyada kuti, "Amalume, manje iyi ni ya zoona, ABS ninachosa." Anali atazula fyuzi ndi dzanja lake. Ndinamuuza kuti aibwezere, anati mawa. Mawa lakelo kunagwa mvula ya February ija, ndipo akutsika cha ku tauni kunatulukira mayi wina panjinga ndi dengu la tomato. Mnyamata anaponda buleki. Magudumu akumbuyo ndiwo anayamba kugwira, galimoto inatembenuka ngati nguli, nkukagwera mungalande chammbuyo. Mayi uja anagwa ndi mantha okha, anasupuka chigongono, tomato yense mbwee mumsewu. Mulungu anangotikomera mtima. Ine ndi amene ndinakagwada kwa amuna awo a mayiyo, poti malume ndiye mwini mbumba, mlandu wa mwana wa mlongo umagwera iwe.

Chimene mnyamatayo sankadziwa, ndipo amakanika anzanga ambiri sauza makasitomala, n'chakuti m'magalimoto ambiri a masiku ano bokosi la ABS ndi lomwelonso limagawa mphamvu ya mabuleki pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo. Akale aja anali ndi kavalavu kakekake kochepetsa mphamvu yopita kumbuyo. Atsopanowa ntchito imeneyo anaipereka kwa kakompyuta. Ukazula fyuzi ndiye kuti wachotsa zonse ziwiri, ndipo galimoto yako siikhala ngati Peugeot 504 ya agogo ako imene inapangidwa kuti iziima popanda ABS. Imakhala yoipa kuposa pamenepo. Ukagwira buleki mwamphamvu kulemera konse kumathamangira kutsogolo, kumbuyo kumapepuka, ndiye magudumu akumbuyo amaima msanga. Zina ngakhale sipidomita imafa, poti nayo imamwa pa masensa omwewo.

Sindikana kuti pali malo pamene ABS imakhumudwitsa kuno kwathu. Aliyense amene anayendapo pamisewu ya fumbi yolowa m'midzi ya ku Chadiza kapena ku Vubwi nthawi ya chilimwe, pamene msewu wachita mizeremizere ngati malata, akudziwa. Uponda buleki, phazi lingonjenjemera, galimoto osaima msanga. Pamiyala yomasuka ndi pamchenga, tayala loima limakumba pansi nkuunjika dothi kutsogolo kwake, ndipo muluwo umathandiza kuimitsa galimoto. ABS siilola zimenezo, choncho mtunda woimira umatalika. Ndi m'bale wake weniweni wa vuto la pabwalo lija, gudumu kudumphadumpha kakompyuta nkusokonezeka. Koma pamenepo chofunika ndi kuchepetsa liwiro ndi kuona mashoko. Theka la magalimoto amene amabwera kwa ine ndi dandaulo lakuti ABS ikulowerera pachabe ndimawapeza ndi mashoko akufa, kapena tayala limodzi la saizi ina logulidwa pa salaula wa matayala. Ndipo kunena zoona, kagalimoto kotsika mpaka mimba kukhudza pansi kakukafunanji ku Vubwi?

Palinso kusokoneza matenda. Munthu amangoti mabuleki anakana, mlandu nkuupereka kwa ABS. Ine ndimayamba ndafunsa kuti phazi linamva chiyani. Ngati chopondera chinalowa pansi lobodo ngati waponda nsima yozizira, amenewo ndi mafuta a mabuleki awira. Mafutawa amayamwa chinyezi cha mumpweya. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230, koma akamwa madzi amatha kuwira pa 155. A DOT 3 amatsika kuchoka pa 205 kufika pa 140. N'chifukwa chake amati tizisintha pakapita zaka ziwiri, koma kuno timangothirira pamwamba mpaka mafuta kuda ngati tiyi wopanda mkaka. Pabwalo la mpikisano mafuta otere satha maulendo atatu. Kuno amakudikira pa zitunda za ku Luangwa, mumsewu wa Great East, utatsika mtunda wautali phazi lili pabuleki m'malo mogwiritsa giya. Ngati chopondera chinali cholimba bwino koma galimoto osaima, kwinaku kukununkha chopserera, amenewo ndi mapadi apsa, makamaka aja otchipa osadziwika kwawo. Pa zonse ziwirizi ABS ilibe mlandu. Ndipo wina asakunamizeni kuti DOT 5 ndi wabwino chifukwa nambala yake ndi yaikulu. Ameneyo ndi wa silikoni, sagwirizana ndi ABS. Woyenera ndi DOT 5.1, kadontho kameneko musakaphonye.

Nyali ya ABS ikayaka padashibodi, kawirikawiri nkhani yake ndi yaing'ono. Matope a dzinja amata pa sensa, kapena tizitsulo tamata pamutu pake poti kali ndi maginito. Mwina waya unadulidwa ndi chitsa, mwina mnyamata wa pagalaji posintha beringi anamenya mkombero wa mano ndi hamala, kapena anaika beringi chagada, mbali ya maginito kuloza kunja. Batire yofooka nayo imayatsa nyaliyo. Zambiri mwa izi ndi ntchito ya ola limodzi. Koma kuli anthu ena ogulitsa magalimoto amene m'malo mokonza amatsegula dashibodi, nkuchotsa babu kapena kulimata ndi tepi yakuda, galimoto nkuiika pamsika ikunyezimira. Chikomekome cha mkuyu. Sabata yatha ndatsegula ina, ndinapeza tepi itamatidwa mwaluso pa nyali ziwiri, ya ABS ndi ya eyabagi, ndipo mwini wake, mphunzitsi wa ku Katete, anali atatenga ngongole kuti aigule.

Wogula aliyense achite izi asanapereke ndalama. Tembenuzani kiyi osaliza injini, muyang'ane padashibodi. Nyali ya ABS iyenera kuyaka, ikhale masekondi ochepa, kenako izime yokha. Ikapanda kuyaka n'komwe, dziwani kuti wina anaigwira pakamwa. Ndikupemphanso a RTSA, bungwe loona za magalimoto ndi chitetezo cha pamsewu, kuti poyeza magalimoto a fitinesi azichita kamayeso komweka, sikatenga ndi mphindi yomwe.

Kwa anyamata okonda liwiro, ine sindidana nanu. Nanenso magazi anga amathamanga ndikamva injini yabwino. Koma kuno kum'mawa tilibe bwalo la tala la mpikisano, ndipo msewu wa ku Lundazi si Kyalami. Amene akufunadi kuphunzira abwere Loweruka m'mawa, tikapeze malo opanda anthu, ndimuonetse mmene ABS imamvekera kuphazi pa liwiro la 40, kuti tsiku limene idzagunde pamsewu asadzachotse mwendo. Sindidzamulipiritsa.

Galimoto yofiira ija ikadali kuseri kwa galaji yanga, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Tikudikira chitsulo cha kumbuyo chochokera ku Dar es Salaam, ndipo mwini wake akubwezabe pang'onopang'ono ndalama ya tomato ndi ya njinga imene ndinamulipirira. Fyuzi ndinaipeza m'kabokosi ka kutsogolo, itakulungidwa bwinobwino m'pepala la lisiti, ndipo ndinaibwezera tsiku lomwelo.

Ine wanu,
Makanika wa ku Kapata,
Chipata